A Chimbalanga ndi Njinga Imene Analanda

Mwezi uno chakwana chaka chimwalirireni a Lufeyo Chimbalanga. Anatisiya m'chipatala chachikulu cha ku Govan, kuno ku Glasgow, momwe akazi awo, Anaphiri, anagwira ntchito ya unamwino zaka zambiri asanapume. Tsiku limenelo ine ndinali pa shifiti m'chipatala chomwecho, koma kuwodi ina, ndipo uthenga unandipeza ndikuyala bedi la wodwala. Ndinamaliza kaye kuyalako, kenako ndinakakhala m'kachipinda kosungiramo nsalu mpaka mnzanga anabwera kudzandifuna.

Sanali m'bale wanga. Tinadziwana kutchalitchi, kumene ife a ku Malawi timapemphera masana a Lamlungu eni ake akatuluka. Koma kuno munthu wamkulu amene amakufunsa ngati wadya, n'kudikiradi kuti uyankhe, amasanduka bambo ako usanazindikire.

Anali munthu wamfupi, wa mapewa otambalala, woyenda ngati akulondola mapazi a wina. Kuyenda nawo mumsewu kunali kotopetsa, chifukwa ankathamanga kenako n'kuima mwadzidzidzi. Chowaimitsa chinali mtengo. Ankagwira khungwa, kukanda pang'ono ndi chikhadabo, kununkhiza, n'kupukusa mutu. Mitengo ya kuno ankaiona ngati anthu aulemu koma oumira. Ankati ndi yaitali, yosamalidwa bwino, koma ungatandale pansi pake tsiku lonse osakugwetsera kanthu koika m'kamwa. Akatero ankayamba kutchula ya kwawo, msuku, mthudza, mtowo, mombo, mmodzimmodzi monga mmene munthu amatchulira abale amene anawasiya kumudzi.

M'thumba la jekete lawo simunkasowa kabotolo ka uchi ndi kasupuni. Shuga m'tiyi sankathira. Akakukonda ankakulawitsa, n'kukufunsa chimene wamva. Ukangoti ndi wotsekemera, ankakuyang'ana momvetsa chisoni, ngati wawauza kuti nyimbo ya kwaya ndi phokoso. Iwo ankamvamo maluwa a mombo, kapena utsi wa munthu amene anafula mopupuluma, kapena mvula imene inachedwa chaka chimenecho. Zidzukulu zawo zobadwira kuno zinkalawa n'kuyankha m'Chingerezi cha ku Glasgow chothamanga, iwo n'kucheukira kwa Anaphiri kuti awamasulire.

Kwawo kunali kumapiri a ku Dedza, ndipo asanabwere kuno anagwira ntchito yolondera nkhalango zaka pafupifupi makumi awiri. Amene anayamba kubwera kuno ndi Anaphiri, iwo n'kutsatira pambuyo ndi ana. Ntchito imene anapeza inali yokolopa m'nyumba yosamalira okalamba ku Partick, ndipo ankadzuka ku Easterhouse, kumene ankakhala, kunja kusanayere kuti akakwere basi. Sindinawamvepo akudandaula za ntchitoyo. Chokha chimene ankanena n'chakuti okalamba a m'nyumbamo amafanana nawo, onse amayang'ana pawindo n'kumaona malo amene kulibe.

Anthu ambiri a mumpingo mwathu akamakumbuka a Chimbalanga amayambira pa mkangano wa kontena. Chaka chilichonse tinkasonkhanitsa zovala, nsapato ndi mabulangete n'kutumiza kumudzi m'kontena. Ankatsogolera ntchitoyo ndi a Kumwenda, mkulu wa mpingo, munthu wofatsa ndi wa mtima wabwino. Chaka china pamsonkhano a Chimbalanga anaimirira n'kunena kuti iwo ulendo uno sapereka ngakhale sokosi imodzi.

"Bambo Chimbalanga, ndiye anthu akuzizidwa kumudziku tiwasiye?" anafunsa a Kumwenda.

"Avekeni, sindikukuletsani. Koma akavala jekete lanulo m'mawa, madzulo adya chiyani? Alowanso m'nkhalango ndi nkhwangwa, atavala jekete la ku Glasgow."

"Ndiye inu mukuti titumize chiyani?"

"Tisatumize kanthu. Kalipentala alipo komweko, akhome ming'oma ya njuchi. Telala alipo komweko, asoke zovala zofulira uchi. Amayi otola bowa akungosowa poyanika pabwino ndi mapepala omatira. Ifeyo tingowakankha pang'ono, njingayo apalasa okha."

Ena anaseka, ena anang'ung'udza kuti mkuluyu akufuna kusandutsa mpingo kukhala sitolo. A Kumwenda anati Malemba amanena za kuveka wamaliseche, sanena za njuchi. A Chimbalanga anayankha kuti ndiye kuti a Kumwenda anadumpha masamba onse onena za dziko loyenda mkaka ndi uchi. Kwa miyezi ingapo awiriwa ankangopatsana moni wa pakhomo, wouma ngati chikonyo. Pamapeto pake komiti inagawa pawiri, kontena n'kumapitabe, ming'oma n'kumakhomedwanso. A Kumwenda mpaka lero amati sanaonepo munthu wamakani ngati ameneyu, koma akamanena zimenezo amavula magalasi n'kumawapukuta nthawi yaitali.

Chimene a Chimbalanga ankakhulupirira chinali chachifupi, ndipo ankachibwereza mpaka tonse tinachiloweza. Ankati iwo analondera nkhalango ndi ndodo zaka zonse zija, nkhalango n'kumathabe, chifukwa palibe mlonda amene angathamange kuposa njala. Munthu amateteza mtengo umene ukumudyetsa. Amene wapachika mng'oma wake m'nkhalango ndiye woyamba kuthamanga ndi nthambi yaiwisi moto wolusa ukabuka, ndipo safuna kumulemba ntchito.

Loweruka lililonse m'mawa ankakhala pafoni ndi magulu a anthu okhala m'mphepete mwa nkhalango ija. Ndinawapezapo kangapo ali mkati mwa sukulu yawoyo, foni ataitsamiritsa pa ketulo. Ankawauza kuti asafule uchi wosakhwima, asauphike pamoto, asafinyire pamodzi ndi ana a njuchi. Phula asataye, ndi makandulo amenewo, ndi polishi wa nsapato, ndi mafuta odzola. Waya wopachikira mng'oma apake gilizi kuti linthumbu lisakwere. Bowa ayanike pathandala, osati pansi, chifukwa munthu wa m'tauni akaluma mchenga kamodzi sabweranso. M'masitolo a zinthu zakale a ku Partick ankagulamo makatani a ukonde, n'kumayesa kusoka chipewa chotchinga nkhope pa makina a Anaphiri mpaka chinatheka, ndipo chimodzi chokhacho n'chimene anatumiza kuti telala aonerepo. Achinyamata ena a mumpingo atabwera ndi nzeru yoti uchiwo uzigulitsidwa kuno, pabotolo pali chithunzi cha ana ovala zigamba, anawakanira kwamtuwagalu. Anati uchi wabwino ugulidwe chifukwa ndi wabwino, ndipo msika woyamba ndi wa ku Dedza ndi ku Lilongwe, kumene mwini wake angafikeko yekha n'kukangana mtengo ndi pakamwa pake.

Sikuti zonse zinkayenda. Gulu lina linagulitsa ndowa zosungiramo uchi mwezi wa njala. Chaka china moto unatentha ming'oma yambiri tsiku limodzi. Kwina chiuli chinkagwetsa ming'oma n'kudya zisa zonse. Zikatero a Chimbalanga ankakalipa pafoni ndi mawu amene ife sitinkawadziwa, mawu a munthu wozolowera kulamula anthu ogwada. Anaphiri ankawalanda foniyo n'kupepesa kwa anthuwo, kenako n'kuwauza amuna awo kuti yunifolomu anavula kalekale koma zikuoneka kuti ina inatsalira mkati. M'mawa mwake a Chimbalanga ankaimbanso, mawu atatsika, kufunsa kuti patsala ming'oma ingati yoti n'kukonza.

Ife amene tinalipo kale tikudziwa kuti a Chimbalanga sanabwere kuno ndi maganizo amenewa. Zaka zawo zoyamba ankakamba za ntchito yawo yakale monyadira. Ankatiseketsa ndi nkhani za anthu otentha makala amene ankathawa n'kusiya nsapato, ndi za mulu wa njinga zolandidwa umene unkafika padenga. Zonse zinasintha Lamlungu limene Estere anabwera.

Estere anali atangofika kumene kudzagwira ntchito yosamalira okalamba ku Govan, mtsikana wamtali, wosalankhulalankhula. Titatuluka m'mapemphero tinalowa muholo kukamwa tiyi, ine ndi amene ndinkathira. A Chimbalanga anali ndi chizolowezi chofunsa mlendo aliyense kwawo, ndipo Estere atatchula mudzi wake nkhope yawo inawala. Anayamba kutchula mtsinje wa kumeneko, phiri, ngakhale mtengo wa mkuyu wa pamphambano. Estere sanamwetulire. Anaika kapu pansi.

"Ndinu a Chimbalanga a kunkhalango aja?"

"Ndine amene, mwanawe. Umandidziwa?"

"Munalanda njinga ya bambo anga."

Sanakweze mawu, koma amene tinali pafupi tonse tinamva. Anapitiriza mofatsa, ngati akuwerenga kalata. Anati iye anali mu Sitandade 5, ndipo tsiku limenelo ankawakankhira bambo ake, a Jelasi, njinga pachitunda, itanyamula matumba awiri a makala. Alonda anatulukira m'tchire. Bambo ake anagwada pamsewu n'kupempha kuti atenge makalawo koma njinga awasiyire. A Chimbalanga anawamenya khofi, mwana wawo akuona. Njingayo sinabwerenso. Kuyambira pamenepo a Jelasi ankasenza makala pamutu mpaka kumsika, ndipo khosi lawo linauma, lero satha kucheuka. Mkulu wake wa Estere anasiya sukulu chaka chomwecho n'kukwatiwa.

Ine ketulo ili m'manja, kusowa poiika. Ndinkayembekeza kuti a Chimbalanga anena kuti linali lamulo, kapena kuti anali pantchito. Iwo anafunsa chinthu china.

"Inali yotani njingayo?"

"Yakuda. Kaliyala yake anawotcherera ndi zitsulo za pawindo. Inalibe belu."

A Chimbalanga anayang'ana pansi. Kenako anati, "Sindikuikumbuka, mwanawe. Zinali zambiri."

Estere anatola chikwama chake n'kutuluka.

Masabata atatu a Chimbalanga sanaoneke kutchalitchi. Nditapita kukawaona ku Easterhouse ndinawapeza atakhala kukhitchini, ndevu zosameta. Anandiuza kuti chimene chikuwasowetsa tulo si kuchititsidwa manyazi pagulu ayi. N'chakuti afufuza m'mutu mwawo masiku onsewo, koma nkhope ya a Jelasi sakuipeza, ngakhale kamtsikana kamene kanaima pambali. Tsiku limene linakhotetsa moyo wa banja lonse, kwa iwo linali tsiku wamba, mwina madzulo ake anakamwa tiyi n'kuseka ndi anzawo. Anaphiri, amene ankatsuka mbale atatipatsa msana, anangoti imaiwala ndi nkhwangwa, chitsa sichiiwala.

Ndi Anaphiri omwewo amene anawaperekeza kwa Estere, pafulati imene ankakhala ndi anzake awiri ku Govan. A Chimbalanga anakana mpando, anakhala pansi pakapeti, munthu wa imvi pamaso pa mwana wa msinkhu wa ana awo. Anapepesa, napempha kuti alankhule ndi a Jelasi pafoni. Estere anaimba. A Jelasi atamva dzinalo anati alibe mawu ndi munthu ameneyo. A Chimbalanga anatuma mphwawo kumudzi kuti agule njinga yatsopano akapereke. Njingayo inabwezedwa tsiku lomwelo, ndi uthenga wakuti a Jelasi akufuna yawo ija, yopanda belu.

Chaka chotsatira a Chimbalanga anapita okha kumudziko. Zimene zinachitika kumeneko ndinazimva mbali ziwiri, kwa iwo ndi kwa Estere, ndipo sizisiyana kwenikweni. Anafika pakhomo pa a Jelasi m'mawa, naodira, koma palibe amene anawayankha. Anakhala pansi pabwalo. Dzuwa linakwera, nkhuku zikuwazungulira, anthu odutsa akuyang'ana munthu wovala nsapato za kunja atakhala padothi. Chakumasana a Jelasi anatuluka. Potembenuka ankatembenuka thupi lonse, ngati munthu wosenza mtsuko wodzaza.

"Mwabwera kudzatani?"

"Ndabwera kudzapepesa, bambo."

"Ndamva. China?"

"Ndimafuna ndidziwe chimene ndingachite."

"Makala ndikutenthabe. Ngati mwabwera kudzandiletsa, yambani mwandiuza chimene ndidye."

A Chimbalanga ankati m'moyo wawo wonse palibe funso limene linawavula ngati limenelo. Zaka makumi awiri ankauza anthu chimene sayenera kuchita, koma sanaganizepo ngakhale tsiku limodzi za chimene anthuwo achite m'malo mwake. Anayang'ana kumbali. Kuseri kwa nyumba, pamtengo wa msuku, panali mng'oma wakale wa khungwa, njuchi zikulowa ndi kutuluka. Anafunsa kuti ndi wa yani. A Jelasi anati ndi wawo, luso limenelo anaphunzira kwa bambo awo, koma uchi wake ndi wongodya ana ndi kugulitsa kwa ophika mowa, chifukwa umatuluka wakuda ndi phulusa. Anawonjeza kuti maluwa enieni ali mkati mwa nkhalango, kumene munthu ngati iwo akapezekako amamenyedwa makofi.

Mwezi wonse wa tchuthi chawo a Chimbalanga anauthera m'maofesi, kugogoda kwa anzawo akale a ntchito, mpaka inatuluka kalata yolola anthu a mudzi umenewo kupachika ming'oma m'nkhalango ndi kutolamo bowa. Anapeza kalipentala pamsika nakhometsa ming'oma isanu ya matabwa. Anaisiya pabwalo pa a Jelasi osanena kanthu, n'kubwerera ku Glasgow osadziwa ngati nayonso ibwezedwa.

Panapita miyezi. Lamlungu lina Estere, amene anali atayambiranso kubwera kutchalitchi koma ankakhala kutali nawo, anawatsatira pakhomo.

"Bambo akuti ndikuuzeni kuti njuchi zalowa."

"Anenanso china?"

"Ayi. Zomwezo."

A Chimbalanga anavula chipewa, nachivalanso, kenako anatuluka panja pamvula osatenga ambulera. Ndinawaona pawindo ataima pafupi ndi mpanda, mapewa akugwedezeka.

A Jelasi sananenepo kuti akhululuka, ndipo pafoni sanalankhulepo nawo mpaka mapeto. Makala sanasiye kamodzin'kamodzi. Anachepetsa pang'onopang'ono, ming'oma ikuchuluka, mpaka anadzakhala iwo ophunzitsa anzawo a midzi yoyandikana. Njinga anadzagula okha, ndi uchi wawo. Chaka chilichonse pakapezeka munthu wobwera kuno, ankamupatsira botolo limodzi kuti akapereke kwa a Chimbalanga, lopanda kalata, lopanda moni. A Chimbalanga ankati moni wake ndi womwewo, ndipo sayenera kupempha woposa pamenepo.

Kubwerera kumudzi ankakukamba chaka chilichonse. Ankati akangopuma ntchito apita, akamange kanyumba moyang'anana ndi phiri, akhale ndi ming'oma yawoyawo. Atapuma, kunabadwa chidzukulu china chofuna wolera. Kenako Anaphiri anachitidwa opaleshoni ya bondo. Kenako impso zawo zinayamba kuvuta, ndipo katatu pa sabata ankafunika kukhala pa makina a kuchipatala, amene kumudzi kwawo kulibe. Anasiya kunena kuti chaka chamawa. Anayamba kungofunsa aliyense wochokera kumudzi kuti mitengo yaphuka kale masamba ofiira aja kapena ayi, ndi kuti fungo la mvula yoyamba likadali lomwe lija.

Masiku awo omaliza Estere ankapita kukawaona akaweruka. Ndi iye amene ankawameta ndevu, poti manja a Anaphiri anali atayamba kunjenjemera. Tsiku lina ndinalowa m'wodimo pa nthawi yanga yopuma n'kuwapeza akumufunsa ngati bowa wa utale watuluka. Kunali mu Febuluwale, kunja kukugwa chipale chosakanikirana ndi mvula. Estere anaimbira mng'ono wake, ndipo patapita kanthawi kunabwera chithunzi cha lichero lodzaza, bowa woyera wamkulu ngati mbale. A Chimbalanga anachiyang'ana nthawi yaitali, akuchikulitsa ndi zala. Anati ameneyu wazulidwa bwino, sanawononge pansi, chaka chamawa adzameranso pomwepo. Anamwalira patapita masiku anayi.

Thupi tinalitumiza kumudzi monga anafunira. Anaphiri atabwerako anatiuza kuti a Jelasi anafika pamaliro tsiku loyamba, nakhala pakati pa amuna, osalankhula ndi munthu. Anthu ena atabalalika iwo anatsala mpaka tsiku lometa. Wachibale wina, posawadziwa, anawafunsa kuti malemuwa anali ndani wawo. A Jelasi anatembenuka thupi lonse n'kumuyang'ana, nati, "Tinkadziwana kunkhalango."

Sabata yatha ndinapita kukacheza ndi Anaphiri. Titamwa tiyi anandiuza kuti ndivale jekete, akufuna akandionetse malo. Tinadutsa kuseri kwa mafulati, kuwoloka msewu wa mabasi, n'kulowa m'kanjira ka matope kopita kukankhalango kena kali m'mphepete mwa dziwe. Zaka zonsezi sindinkadziwa kuti ku Easterhouse kuli malo otere, ndiponso kuti a Chimbalanga atapuma ntchito ankapitako m'mawa uliwonse umene sanali kuchipatala. Sanatengepo munthu wina koma akazi awo, ndipo iwonso mwa apo ndi apo.

Chapakati pake, kumbali kwa njira, pali mtengo umene unagwa kalekale. Wagona chopingasa, wonse wakutidwa ndi ndere zobiriwira, kupatula malo amodzi chakumapeto pamene khungwa linachoka, thabwa lake n'kusalala ngati mpini wa khasu. Ukakhala pamenepo nyumba zonse zimabisika. Umangoona mitengo yopanda masamba, madzi otuwa, ndi kaphiri patali. Phokoso la magalimoto limamveka pansipansi, ndipo Anaphiri anati amuna awo ankati ukatsinzina limakhala ngati mtsinje wa kwawo mwezi wa mvula.

Anaphiri anakhala pandere ponyowa, malo osalalawo n'kuwasiya. Inenso sindinakhalepo. Mphepo inkalowa m'makutu. Munthu wina anadutsa ndi galu wake, natipatsa moni, galuyo n'kupatuka kudzanunkhiza pamalopo, kenako anathamangira mbuye wake.

Pansi pa malo osalalawo pali tizigawo tiwiri ta dothi loumbika, pamene zidendene zawo zinkaponda. Udzu wayamba kulowerera kuchokera m'mbali, ndipo chilimwe chikubwerachi udzatseka. Tisananyamuke Anaphiri anaimirira, nagwira phewa langa kuti asaterereke, n'kuponda pamenepo ndi nsapato yawo, uku ndi uku, mobwerezabwereza, mpaka dothi linaonekanso.